Khasu Lomwelo, Mpini Wina: Mbiri ya Makompyuta Akale m'Makomo Mwathu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira makompyuta oyendera Windows 10. Tsikulo linadutsa mwakachetechete m'chigwa cha Phalombe. Anthu anali kalikiliki kugalauza minda poyembekezera mvula, ndipo laputopu ya pakhomo pathu, pafupi ndi Migowi, inayaka monga inayakira dzulo lake. Komabe kuyambira tsiku limenelo ming'alu iliyonse yomwe akuba a pa intaneti angaipeze mu Windows 10 inalibenso woimata, kupatula kwa amene analembetsa kuti azilandirabe chitetezo kwa nthawi yoonjezera.

Laputopuyi anabwera nayo amalume athu kuchokera ku Johannesburg mu 2013, itagwirapo kale ntchito mu ofesi ina kumeneko. Owerenga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ulendo umenewu akuudziwa bwino, pakuti ndi makomo ochepa a kunyanja omwe alibe m'bale ku Joni, ndipo pakati pa mabulangete ndi mawailesi obwera pa basi kawirikawiri pamakhala kompyuta yokulungidwa m'chovala. Funso lomwe tinakumana nalo ife likudikira makomo ambiri otere: kodi chipangizo chimene chikugwirabe ntchito chitayidwe chifukwa amene anachipangira pulogalamu asiya kuchilabadira?

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Pali chitsulo chomwe timachigwira ndi manja, ndipo pali pulogalamu yaikulu yoyendetsa chitsulocho, yomwe imadzuka munthu akangoyatsa, n'kumalumikiza kiyibodi, sikirini, malo osungira zinthu ndi mapulogalamu ena onse. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu oterewa. Kwathu kuno yakhala nafe nthawi yaitali mwakuti ambiri amayesa kuti Windows ndi kompyutayo ndi chinthu chimodzi. Mlimi wa ku Phalombe sangasokoneze khasu ndi mpini. Mpini ukathyoka amasema wina, khasu n'kukhala lomwelo.

Makompyuta anayamba kuoneka m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'masukulu aukachenjede kale anthu wamba asanaganize zokhala nawo kunyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makalata a pa kompyuta ankadutsa pa Chancellor College ku Zomba, ndipo kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997, chaka chimodzi Phalombe isanadulidwe ku Mulanje kukhala boma palokha. M'makomo kompyuta inalowa mochedwa, ndipo inalowa ngati kaunjika. Makampani a ku Ulaya ndi ku South Africa amasintha makina awo pakapita zaka zowerengeka, ndipo otsalawo ndi omwe ankafika kuno, ena kudzera mwa amalonda a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ena kudzera m'mabungwe monga Computer Aid International ya ku London, kapena Turing Trust yomwe imatumiza makompyuta okonzedwanso kumasukulu mogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu. Windows XP, yomwe inatuluka mu 2001, ndiyo inaphunzitsa m'badwo wonse kugwira mausi. Tivomereze ndithu kuti makope ambiri omwe ankaikidwa m'timashopu ta m'misika sanali ogulidwa mwalamulo, ndipo mankhwala a vuto lililonse anali amodzi: kufomata.

Pulogalamu iliyonse ya mtunduwu imabadwa ili ndi tsiku lake lomwalira. Windows XP anaisiya pa 8 Epulo 2014, ndipo Windows 7, yomwe laputopu yathu inabwera nayo, anaisiya pa 14 Januwale 2020. Kuopsa kwa makina osamatidwa ming'alu kunaonekera poyera mu Meyi 2017, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Koma nthawi zonsezo njira yokwerera inalipo. Makina ambiri a Windows 7 anatha kulandira Windows 10 ya mu 2015, ngakhale ankayenda motsimphina. Zinthu zinasintha ndi Windows 11 ya mu 2021. Imeneyi imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso ubongo wa kompyuta wopangidwa cha m'ma 2017 kapena pambuyo pake, kotero makina ochuluka omwe ali m'makomo ndi m'masukulu a dziko lino anatsekeredwa kunja. Kugula yatsopano n'kosavuta kunena. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu yatsopano unafika poti banja lodalira nandolo ndi mpunga wa ku Chilwa silingauganizire n'komwe.

Njira ina inayamba m'chaka chomwe anthu a ku Phalombe sachiiwala. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, nakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Mu Ogasiti chaka chomwecho, kutali ku Finland, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki, Linus Torvalds, analengeza kuti akulemba pulogalamu yakeyake yoyendetsera kompyuta, mongodzisangalatsa. Ntchito yakeyo inakumana ndi ya Richard Stallman, amene kuyambira mu 1983 ankasonkhanitsa mapulogalamu a GNU pa mfundo yakuti munthu aliyense akhale ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, kuwakopera, kuwasintha ndi kugawira anzake. Zinthu ziwirizi zitaphatikizana zinabala chomwe lero timachitcha Linux. Kusiyana kwake ndi Windows sikuli pa mtengo pokha. Popeza palibe kampani imodzi yomwe ili ndi mphamvu yonse pa Linux, palibenso munthu mmodzi amene angagamule kuti makina a chaka chakutichakuti atayidwe. Malinga ngati pali anthu ofuna kuwasamalira, amasamalidwa.

Kwa zaka zambiri Linux inali ya akatswiri okhaokha. Amene anathandiza kwambiri kuifikitsa kwa anthu wamba ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe analemera atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999. Mu Okutobala 2004 anatulutsa Ubuntu, yomangidwa pa maziko a Debian, ndipo dzinalo ndi mawu omwewo amene ife timati umunthu. Podziwa kuti intaneti ya kuno inali yodula ndi yochedwa, kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, mpaka mu 2011.

Koma chitsanzo chimene chiyenera kukumbukiridwa kwambiri chinachitikira m'dziko mwathu momwe muno. Mu 1999 kampani ya ku America ya Netpliance inayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa i-Opener, kasikirini kokhala ndi kiyibodi kongoonera intaneti basi, pa mtengo wa madola 99, poyembekeza kupeza phindu pa ndalama yomwe ogula azilipira mwezi ndi mwezi. Posakhalitsa anthu ochenjera anatulukira kuti m'kati mwake munali kompyuta yathunthu yomwe ikanatha kulandira pulogalamu ina. Malondawo anagwa, ndipo tizipangizoto tinasanduka zinyalala. Gerry Douglas, amene anayambitsa bungwe la Baobab Health ku Lilongwe, anaona zina. Iye ndi anzake anasonkhanitsa tizipangizo totayidwato, natiika magalasi oti munthu azingodina ndi chala, nachotsa pulogalamu yake yakale n'kuikamo Linux. Mu 2001 dongosolo lolembera odwala pa kompyuta linayamba kugwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe tsopano ndi Kamuzu Central Hospital, ndipo mu 2006 dongosolo lotsatira odwala olandira ma ARV linakhazikitsidwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kenako linafalikira ku zipatala zina. Tizipangizoti tinkadya magetsi ochepa kwambiri mwakuti mabatire ankatiyendetsa magetsi akazima. Namwino amene sanagwirepo kiyibodi ankatha kulemba wodwala, ndipo kapepala komata pa buku la kuchipatala kankatuluka pomwepo. Ambiri mwa ife tinanyamulapo buku lokhala ndi kapepala kameneko osadziwa kuti ntchito yonseyo inayambira pa makina amene eni ake anawataya.

Mbiri imeneyi ndiyo inatilimbitsa mtima, ngakhale kuti pakhomo sipanalephere mkangano. Mayi athu sankasamala za Windows kapena Linux. Nkhawa yawo inali pa zomwe zinali m'kati. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba naononga sutikesi ya mapepala, kotero zithunzi za malemu bambo athu, makope a masatifiketi a ana ndi kalata ya malo zinatsala mu laputopumo mokha. Ndipo anali ndi chifukwa choopera, pakuti zaka zingapo m'mbuyomo mnyamata wina wokonza mafoni pamsika anaifomata osafunsa, zithunzi za ukwati wa achemwali athu n'kupita zonse. Mng'ono wathu wa Fomu 3 nayenso anali ndi dandaulo lomveka: kusukulu amaphunzira pa Microsoft Word ndi Excel, nanga akazipeza kuti?

Tinayamba ndi kukopera chilichonse pa mafulashi awiri, imodzi n'kukaisungitsa kwa azakhali ku Chiringa, ndipo tinatsegula mafayilowo pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti akopedwadi. Aliyense wofuna kutsatira njirayi asadumphe pamenepa, chifukwa kuika pulogalamu yatsopano kumatha kufafaniza zonse za m'kati. Tinasankha Linux Mint, yomwe Clément Lefèbvre anaiyambitsa mu 2006 pa maziko a Ubuntu, makamaka mtundu wake wopepuka wa Xfce. Imafuna RAM ya 2 GB yokha kuti iyende, ndipo yathu ili ndi 4 GB. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3 GB, choncho tinadikira bandulo ya usiku. Ubwino wina wa Linux ndi wakuti munthu angathe kuiyendetsa kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse m'kompyuta, ndipo tinatha madzulo awiri tikuyesa motero: mawu akumveka, Wi-Fi ya pa foni ikulumikizika, zilembo za Chiarabu zikulembeka bwino kuchokera kumanja kupita kumanzere. Batire la laputopuyi linafa kalekale, ndipo magetsi akanazima ntchito ili pakati tikanayambiranso, motero tinabwereka inivetala ndi batire la sola kwa oyandikana nawo. Kuikako sikunakwane ola limodzi.

Si zonse zinayenda bwino. Pulinta yathu yakale inatenga masiku atatu kuti imve, ndipo kapulogalamu kowerengetsera ndalama komwe amalume ankagwiritsa ntchito pa golosale kanakana ndithu, kotero maakaunti awo tinawasamutsira pamanja mu LibreOffice. Mng'ono wathu anapeza kuti LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, koma mabatani ena ali pamalo osiyana ndi omwe aphunzitsi amalozera, ndipo mayeso akamayandikira amakayesererabe pa makompyuta a kusukulu. Tiyeneranso kunena kuti Linux nayo siisunga makina onse mpaka kalekale: Ubuntu inasiya makompyuta akale kwambiri a 32-bit zaka zapitazo, ndipo Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 ilibenso njira yoikira pa makina oterewa. Yathu ndi ya 64-bit, ndipo Linux Mint 22 yomwe tinaikamo idzasamalidwa mpaka 2029, pamene laputopuyi idzakhale itakwanitsa zaka 16 chifikireni ku Phalombe. Mayi anapempha kuti chithunzi cha bambo ali pa njinga yawo chibwezeretsedwe pa sikirini pomwe chinali, ndipo fulashi yachiwiri ija ikadali kwa azakhali ku Chiringa.