Mawu a m'buku la kuchipatala la wodwala lupus

Ambiri mawu akuti chitetezo cha mthupi tinawaphunzira nthawi ya Edzi. Tinazolowera kuti chikatsika munthu amadwala, chikakwera amapeza bwino. N'chifukwa chake mayi amene amupeza ndi lupus amadabwa akamva kuti amupatsa mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezocho. Pa nthendayi asilikali a mthupi sanafooke ayi, koma atembenukira mwini wake: amalimbana ndi khungu, mfundo za mafupa, magazi, ndipo mwa odwala ambiri amafika ku impso. Ndicho chimene madokotala amatanthauza akati autoimmune. Nthendayi sipatsirana. Mwa odwala 10, pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri a msinkhu wobereka, ndipo imakula mphamvu mwa anthu akuda kuposa azungu.

Zizindikiro zake zimabisala m'mayina amene tili nawo kale. Thupi likatentha timati malungo, mfundo zikamapweteka timati nyamakazi. Munthu atha kumwa mankhwala a malungo a LA kangapo asanayezedwe magazi kuti aone ANA ndi anti-dsDNA, zimene zimathandiza kuloza nthenda yeniyeni.

Ikafika ku impso imatchedwa lupus nephritis, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti wodwala ayenera kuwadziwa mawuwa, chifukwa impso zimawonongeka osamva kupweteka. Impso iliyonse ili ndi tizosefera pafupifupi 1 miliyoni. Tikatupa timayamba kudontheza zomanga thupi mumkodzo, ndiyo proteinuria. Kunyumba zimaoneka ngati thovu losatha msanga pokodza, kutupa mapazi madzulo ndi zikope m'mawa. Creatinine ndi zinyalala zochokera m'minofu. Ikachuluka m'magazi ndiye kuti impso sizikutaya bwino. Kuchokera pa iyo amawerengera eGFR, nambala yosonyeza mphamvu yosefa imene yatsala. Vuto likapitirira miyezi 3 amati CKD, ndiye kuti matenda a impso okhalitsa, ndipo ali ndi masiteji 5. Siteji 3 ndi eGFR ya pakati pa 30 ndi 59. Siteji 5 ndi yosakwana 15.

Pali mawu awiri amene amaopsa anthu pachabe akasokonezedwa: siteji ndi kalasi. Kalasi imadziwika pokhapokha atatapa kachidutswa ka impso ndi singano n'kukaunika pa makina, zomwe amati biopsy. Makalasi alipo 6, ndipo amafotokoza mtundu wa kuwonongekako, pamene siteji ikunena kuchuluka kwa ntchito imene impso ikugwirabe. Kalasi 3 ndi 4 ndi amene amafuna mankhwala amphamvu mwachangu. Munthu atha kukhala ndi kalasi 5 impso zake zikusefa bwino ndithu. Woona 5 m'buku mwake n'kuganiza kuti zonse zatha amafunika wina womukhazika pansi, ndipo zimandipweteka kuti pamzere wautali wa kuchipatala nthawi yoteroyo imasowa.

Lupus imabwera n'kubwerera. Ikayambiranso amati flare, ndipo dzuwa lamphamvu, matenda ena kapena kusiya mankhwala zitha kuidzutsa. Ikagona amati remission. Achibale akaona kutupa kwaphwa amati wachira, n'kumafunsa chifukwa chake akumwabe mapiritsi. Chikondi chomwecho ndi chimene chimasiyitsa ena mankhwala, ndipo flare iliyonse ya mu impso imasiya zipsera zosabwerera mwakale.

Dzina la hydroxychloroquine akuluakulu salimva lachilendo. Ndi m'bale wa chloroquine, amene Malawi inasiya kuchizira malungo mu 1993. Pafupifupi wodwala lupus aliyense amalangizidwa kumwa, ngakhale ali woyembekezera, koma amafunika kuyezetsa maso nthawi ndi nthawi. Prednisolone amazimitsa kutupa msanga, koma amanenepetsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Mycophenolate ndi cyclophosphamide amapulumutsa impso koma amavulaza mwana wosabadwa, choncho mayi wofuna pakati ayambe wakambirana ndi dokotala kuti amusinthire, nthawi zambiri pa azathioprine. Oopsa mwakachetechete ndi Brufen ndi diclofenac, amene timagula tokha mfundo zikavuta: amachepetsa magazi opita ku impso zimene zafooka kale.

Dayalisisi ndi mawu amene aliyense amawaopa, koma odwala lupus nephritis ambiri safikako ngati athandizidwa msanga, BP ikusamalidwa ndipo mchere wachepa m'ndiwo. Wofikako makina amamusefera magazi kwa maola pafupifupi 4, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo madzi akumwa amachita kuyeza. Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kotero wodwala wa ku Nsanje kapena ku Mchinji amayenera kulipira ulendo sabata ndi sabata, kapena kusamukira kwa achibale m'tauni.