Misitu ya Makolo ndi Mabwinja

Kuno ku Mecanhelas, pakati pa minda yathu, pali timisitu timene khasu silifikako. Mitengo yake ndi ikuluikulu. Munthu satolamo nkhuni. Ana timawauza kuti: "Musalowemo, muli mizimu."

Ina mwa misitu iyi ndi manda. Ina ndi mabwinja, pamene panali midzi kale. Ina ndi malo a kacisi, pamene makolo ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa msolo popempha mvula.

Mwambo wotere si wathu tokha. Ku Ireland, dziko la ku Ulaya, m'minda munapezeka malinga ozungulira a dothi kapena a miyala oposa 40,000. Alimi akumeneko ankati m'malingamo mumakhala tianthu tosaoneka. Ankati wolimamo kapena wodulamo mtengo adzadwala, kapena ng'ombe zake zidzafa. Akatswiri atakumba, anapeza kuti anali makomo a alimi akale. Ambiri anamangidwa pakati pa caka ca 500 ndi ca 1000. Mkatimo munali nyumba ndi ziweto. Mantha anasunga malingawa zaka zonsezi. Mantha atacepa, mathirakitala anasalaza ambiri, ndipo mbiri yake inapita nawo.

Nanga bwinja lingatiuze ciyani? Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka ku Malawi, kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri Yusuf Juwayeyi anakumba pamalopo. Anapeza mapale, zitsulo, mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Apa tikuona kuti makolo athu ankasula, ankaumba, ndipo malonda awo ankafika kugombe la nyanja ya Indian. Izi zonse nthaka ndiyo inasunga.

Lero minda ikucepa, ndipo makala ali ndi ndalama. Nkhwangwa yayandikira misitu ya makolo. Makala a mtengo umodzi amatha msanga, koma bwinja likafafanizika silibwerera.

Ife tsopano tikuphunzira kulemba. Tiyeni tipite kwa agogo ndi kwa mafumu. Tiwafunse dzina la bwinja lililonse, mtundu umene unakhalapo, ndi cimene cinawasamutsa. Tilembe m'makope athu agogowo akali moyo.

Mafunso
1. Kodi m'mudzi mwanu muli msitu woletsedwa? Dzina lake ndi ciyani?
2. Ndani anakhala pamenepo?
3. Tingauteteze bwanji?