Daimatsu: kochi amene anapeza akatswiri m'fakitale ya ulusi

Lero tikambeko mbiri ya masewera.

Tonse timakumbukira 1964 ngati chaka chimene Malawi analandira ufulu. Mu Okutobala chaka chomwecho, volleyball inaseweredwa koyamba pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo, ndipo atsikana a ku Japan anapata mendulo ya golide atagonjetsa Soviet Union 3-0. Kochi wawo anali Hirofumi Daimatsu.

Daimatsu anabadwa mu 1921. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali ku Burma, komwenso agogo athu a KAR anakamenya nkhondo ali mbali ya Angelezi. Nkhondo itatha ankagwira ntchito ku kampani yopota ulusi ya Nichibo, ndipo mu 1953 anayamba kuphunzitsa timu ya atsikana a pafakitale ya kampaniyi ku Kaizuka, pafupi ndi Osaka. Atsikanawo ankayamba agwira kaye ntchito, kenako n'kumayeserera mpaka pakati pa usiku. Poti anali afupiafupi poyerekeza ndi a ku Russia, iye anawaphunzitsa kudzigwetsa polandira mpira, kugubuduka n'kudzuka pompo. Mu 1962 anatenga chikho cha dziko lonse ku Moscow. Mu 1965 nduna yaikulu ya China, Zhou Enlai, anamuitana kukaphunzitsa osewera a kumeneko. Daimatsu anamwalira mu 1978.

Komatu kwawoko ankamutcha "chiwanda". Ankawaponyera mipira atsikanawo mosalekeza mpaka ena kugwa ndi kulira.

Ine m'mbiri imeneyi ndikutolamo chimodzi n'kusiya china. Kuno ku Kasungu, nyengo yosoka ndi kusankha fodya ikafika, ana a matenanti amasowa m'kalasi chifukwa amakhala ali m'zigafa. Ambirife timafulumira kuwataya. Daimatsu sanakasake akatswiri m'nyumba za mabwana. Anawapeza pakati pa atsikana apantchito, n'kupeza njira yogwirizana ndi msinkhu wawo. Chimenecho ndatola.

Nkhanzazo ndiye ndasiya. Osewera ake anali akuluakulu, pamene ifeyo tili ndi ana a Fomu 1 amene akhoza kungosiya sukulu osabweranso. Mtsikana amene wabwera atatopa kale ndi fodya safunika kumukalipira. Mpatseni mpira, mpatseni nthawi, ndipo akajomba mukamufunse.

Nanga pasukulu panu neti ilipo, kapena inawolera m'sitolo?