Mbiri ya Kukonza Zikopa ndi Mitu ya Nyama ku Mzuzu ndi Madera Ozungulira

Ntchito yokonza chikopa cha nyama kuti chisawole ndi yakale kuposa mzinda wa Mzuzu. Mzindawu unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Pamene unkayamba n'kuti anthu a m'mapiri a Viphya ndi Nyika komanso a m'zigwa za Kasitu ndi Henga atadziwa kale kusenda, kuyanika ndi kufufuta zikopa. M'derali munakumana miyambo iwiri. Wa eni dziko unkakonza chikopa kuti chigwire ntchito, pamene wobwera ndi Azungu unkachikonza kuti nyama yakufa izioneka ngati yamoyo.

Pakati pa Atumbuka ndi Aphoka chikopa chinali chovala, chogonera, nguwo yoberekera mwana ndiponso chokutira ng'oma. Osula zitsulo ankapemerera moto ndi mivukuto ya chikopa cha mbuzi. Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835 n'kudzakhazikika ku Mzimba cha m'ma 1855 motsogozedwa ndi M'mbelwa, anakweza kwambiri ulemu wa chikopa. Cha ng'ombe chinkapanga zishango, cha nyalugwe chinali cha mafumu, ndipo cha gwape, mbawala ndi tinyama tina chinkakongoletsa ovina ingoma.

Kakonzedwe kake kankayamba tsiku lomwelo nyama yaphedwa. Chikopa ankachitambasula pansi, ubweya uli kunsi, n'kuchikhomera ndi zikhomo zamtengo m'mphepete monse. Ankachiwaza phulusa kuti chiume msanga ndi kuti ntchentche zisaikirepo mazira. Chikauma ankachipala ndi kasemasema kapena mpeni mpaka minofu ndi mafuta zitatha. Chofunika kuvala ankachinyowetsa, kuchipaka mafuta ndi kuchifikisa m'manja masiku angapo mpaka chitafewa ngati nsalu. Cha chishango ankachisiya cholimba dala.

Mwambo wachiwiri, umene pa Chingerezi amautcha taxidermy, unakula ku Ulaya pamene akatswiri a zachilengedwe ankafunafuna njira yotetezera zikopa za mbalame ndi nyama ku tizilombo. M'zaka za m'ma 1740 Jean-Baptiste Bécoeur wa mumzinda wa Metz ku France anapanga sopo wosakaniza ndi poizoni wa arsenic, amene anagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 200 ngakhale anali woopsa kwa munthu. Mu 1892 Rowland Ward, amene anali ndi shopu yotchuka ya ntchitoyi ku Piccadilly mu London, anayamba kusindikiza buku la miyeso ya nyanga za nyama zikuluzikulu. Kuyambira pamenepo alenje achizungu ankapikisana kuti dzina lawo lilembedwe pambali pa nyanga zazitali koposa.

Zaka zimenezi ndi zomwe Britain inkakhazikitsa ulamuliro wake kuno ku Malawi, kuyambira mu 1891. Alexander Whyte, amene ankatolera zomera ndi nyama pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamundalo, anakwera phiri la Nyika mu 1896. Mbidzi za ku Nyika zimadziwika ndi dzina la Richard Crawshay, amene ankagwira ntchito ya boma ku Deep Bay, komwe lero ndi ku Chilumba. Kasenye nayenso ali ndi dzina la Alfred Sharpe, mlenje wa njovu amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa. Zikopa ndi zigaza zinkanyamulidwa pamutu kupita kunyanja, n'kukwezedwa m'sitima kupita ku London. Kusenda ndi kuthira mchere, ntchito imene inkapulumutsa kapena kuwononga chikopa chonse, nthawi zambiri inkagwiridwa ndi Amalawi olembedwa ganyu amene maina awo sanalembedwe m'mabuku.

Agwape a ku Ulaya ndi ku America (deer pa Chingerezi), amene mitu yawo imakonzedwa kwambiri kumaiko amenewo, sapezeka m'tchire la Malawi. Nyanga zawo ndi fupa lokhalokha, zili ndi nthambi ndipo zimathothoka chaka ndi chaka. Nyama za kuno monga mphoyo, chilembwe, mphalapala, ngoma ndi nchefu zili ndi nyanga zosathothoka, zokhala ndi fupa mkati ndi chikuto cholimba kunja. Kusiyana kumeneku kumasintha kakonzedwe. Chigaza chikawiritsidwa, wokonza amayesa kuvula chikutocho kuti achotse minofu yotsalira pafupa, chifukwa ikasiyidwa imanunkha ndi kuitana tizilombo.

Masitepe a ntchitoyi sanasinthe kwenikweni kuchokera m'nthawi ya alenje aja. Wokonza amayamba ndi kuyeza mtunda wochokera pamphuno kufika padiso ndiponso kukula kwa khosi. Kenaka amadula chikopa mozungulira kumbuyo kwa mapewa, n'kung'amba motsatira msana wa khosi mpaka pafupi ndi nyanga, pamene mzerewo umagawikana kulowera kunyanga iliyonse. Malo ovuta ndi zikope, milomo, mphuno ndi makutu. Makutu amawatembenuza, ndipo milomo amaitsegula mkati ndi kampeni kakuthwa kuti mchere ulowe paliponse. Mchere wosalala amautikita mbali ya mnofu, n'kupachika chikopa kuti madzi akhe, ndipo m'mawa mwake amauchotsa n'kuthira watsopano. Chikopa amachiyanika pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa limachiumitsa kunja mkati mukadali chinyezi. Chikachedwa kulandira mchere, makamaka kumalo otentha ngati Vwaza, ubweya umayamba kusosoka ndipo palibe mankhwala obwezeretsa.

Chikauma amachiviika m'madzi a mchere ndi asidi, kuchipala kuti chipyapyale, n'kuchifufuta ndi mankhwala monga alum. Makungwa a mitengo ina, monga wattle, amafufutanso chikopa, koma amachidetsa mtundu, choncho amayenera zikopa za nsapato ndi malamba.

Chimene chinasintha kwambiri ndi cha mkati. Poyamba ankangofutika udzu kapena nsanza, ndipo nyama inkatuluka yotupa mosayenera. Kenaka anayamba kumanga khosi pathabwa, kukulunga timizere ta mtengo ndi ulusi, n'kumata dongo pamwamba. Carl Akeley wa ku America ndiye anabweretsa njira youmba thupi lonse ndi dongo, minofu ndi mitsempha yomwe, n'kupangirapo chikombole chopepuka chovekapo chikopa. Agwape amene anawakonza mosonyeza nyengo zinayi za chaka anamalizidwa mu 1902 ndipo akuonetsedwabe ku Field Museum mumzinda wa Chicago. Kuchokera m'zaka za m'ma 1970 zikombole zambiri ndi za pulasitiki yopepuka ya polyurethane, ndipo borax analowa m'malo mwa arsenic. Maso ndi agalasi, ndipo amaikidwa padongo mosamala kuti kamwanadiso kagone chopingasa monga kamakhalira pa nyama zodya udzu. Pomaliza chikopa amachimata ndi guluu, kuchisoka, kuchigwiriza ndi mapini n'kuchisiya milungu ingapo kuti chiume.

Mbiri ya ntchitoyi imayenda pamodzi ndi mbiri ya kuchepa kwa nyama. Mliri wa rinderpest wa m'ma 1892 ndi 1893 unapha ng'ombe, njati ndi nchefu zambiri kumpoto. Mu 1897 boma linakhazikitsa malo oyamba otetezera nyama, kuphatikizapo Elephant Marsh, ndipo malamulo otsatira anapanikiza uzimba wa eni dziko pamene mlenje wogula laisensi ankaloledwa kupha. Nyika inakhala paki yoyamba ya dziko lino mu 1965, ndipo Vwaza inakwezedwa kukhala malo otetezedwa a nyama mu 1977. Mu 1982 Malawi inalowa m'pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa maiko. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti wosunga chikopa kapena nyanga za nyama yotetezedwa akhale ndi chikalata cha boma, ndipo milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende.

N'chifukwa chake wophunzira lusoli lero ayenera kuyambira pa mbuzi, nkhosa kapena kalulu woweta, zimene zikopa zake zimapezeka kwa ogulitsa nyama m'misika ya Mzuzu. Mutu wa mbuzi uli ndi nyanga, zikope ndi milomo zofanana ndi za mbawala, motero umaphunzitsa zonse zofunika popanda kuphwanya lamulo. Vuto lalikulu mumzindawu ndi chinyezi, chifukwa mvula imagwa mpaka mu Epulo ndi Meyi ndipo nkhungu ndi yosasowa. Chikopa chosauma bwino chimachita chuku, choncho chimasungidwa pamalo okwera, podutsa mphepo, ndipo chimayenderedwa kawirikawiri poopa njenjete.

Mwambo wa makolo ukuonekabe pa chikondwerero cha Umthetho chimene Angoni a ku Mzimba amachita chaka chilichonse mu Ogasiti paphiri la Hora, komanso m'zinthu zachikhalidwe zosungidwa ku Mzuzu Museum, imene inatsegulidwa mu 1986. Luso lokonza nyama kuti ioneke ngati yamoyo latsala makamaka m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'malo ophunzitsira za chilengedwe, kumene nyama yofa ndi matenda, ngozi kapena msampha wa opha mozemba imakonzedwa ndi chilolezo cha dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire kuti ana asukulu aione pafupi.