Momwe Malamulo a Judo Asinthira Kuchokera mu 1882

Mu Okutobala 1964, anthu odzaza holo ya Nippon Budokan ku Tokyo anangoti kukamwa yasa. Anton Geesink, chimunthu cha ku Netherlands chotalika pafupifupi mamita awiri, anali atamugoneka chagada Akio Kaminaga, katswiri wa eni nthaka, mkono atamukulunga m'khosi, thupi lonse atamutsamira pachifuwa. Masiku amenewo lamulo linkafuna kuti munthu apanikizidwe masekondi 30. Atakwana, refa anaimika dzanja m'mwamba, kutanthauza ippon, ndipo mendulo ya golide ya Olympics inatuluka m'manja mwa eni masewerawo. Anzake a Geesink atafuna kuthamangira pamphasa ndi chisangalalo, iye anawabweza ndi dzanja, poti pamphasa ya judo sachitirapo chipwirikiti opikisana asanaweramirane.

Akanakhala lero, Geesink akanadzuka msanga, chifukwa nthawi yopanikiza inatsika kufika pa masekondi 20. Malamulo a judo sakhala malo amodzi, ndipo ambiri mwa iwo anabadwa pambuyo pa ngozi, mkangano kapena kudandaula kwa oonera.

Woyambitsa judo, Jigoro Kano, anali asanakwanitse zaka 22 pamene anatsegula sukulu ya Kodokan mu 1882, m'chipinda cha mphasa 12 pa kachisi wa Eishoji ku Tokyo. Anali ataphunzira jujutsu, luso lakale lomenyera nkhondo, koma iye ankafuna zoti anthu azigwetsana ndi mphamvu zonse kenako mawa lake n'kudzukabe amphumphu. Malamulo oyamba olembedwa a mpikisano, a 1899 ndi 1900, analetsa kupotokola zala ndi akakolo. Pofika 1925, mfundo yokhayo yololedwa kuipinda kuti mnzako agonje inali chigongono, ndipo mpaka pano zili choncho.

Chimene sichinagwedezeke ndi ippon. Wosewera amaipeza akamugwetsa mnzake chagada mwamphamvu, mwaliwiro komanso akumulamulira mpaka pansi. Amaipezanso akamupanikiza nthawi yokwanira, kapena akamufinya pakhosi kapena kumupinda chigongono mpaka winayo amenye mphasa kawiri povomereza kuti zamukanika. Kugwetsa kopereweza pang'ono kumatchedwa waza-ari, ndipo refa amatambasula dzanja chammbali molingana ndi phewa. Ma waza-ari awiri amakwana ippon.

Vuto linabwera ndi wotchi. Bungwe la judo la dziko lonse, International Judo Federation, linakhazikitsidwa mu 1951, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Tokyo mu 1956, wamkulu ndi wamng'ono akugwirana popanda magulu a kulemera. Nanga nthawi ikatha popanda wagwetsa mnzake bwino, wapambana ndani? Oweruza ankakweza mbendera, aliyense kumbali imene waikonda. Pofuna kuchepetsa zongoganizirazi, m'zaka za m'ma 1970 anawonjezera mapointi ang'onoang'ono awiri, yuko ndi koka. Apa ndi pamene wozolowera mpira amasokonezeka, chifukwa mapointiwa saphatikizana ngati zigoli: ma yuko khumi sangapose waza-ari mmodzi. Akamberembere sanachedwe kuona mpata. Munthu ankapeza koka mmodzi n'kumazemba mpaka nthawi ithe. Koka anachotsedwa kumapeto kwa 2008, yuko mu 2017, koma yuko yemweyo anabwereranso mu 2025, ndipo tsopano amaperekedwa mdani akagwera chammbali kapena akapanikizidwa masekondi 5 mpaka 9.

Malamulo ena ali ndi maina a anthu kumbuyo kwake. Mu 1980, Yasuhiro Yamashita anathyoka fupa la mwendo pamene Sumio Endo anamupana miyendo ndi njira yotchedwa kani-basami, ndipo pambuyo pake njirayo inaletsedwa. Ku Sydney mu 2000, pa ndime yomaliza ya olemera kwambiri, David Douillet wa ku France anayesa kumunyamula Shinichi Shinohara ndi mwendo, Shinohara anazemba, onse awiri n'kugwa. A ku Japan anaona ippon ya munthu wawo, refa anapereka yuko kwa Douillet, golide n'kupita ku France. Phokoso la tsikulo linathandiza kuti oweruza ayambe kubwereza kanema asanagamule. Ku London mu 2012, oweruza atatu anakwezera mbendera Cho Jun-ho wa ku South Korea, akuluakulu anawaitanira pambali, atabwerera onse atatu anakwezera Masashi Ebinuma wa ku Japan. Chaka chotsatira mbendera zinapita kukapuma. Ngakhale yunifolomu ya buluu, imene inavomerezedwa mu 1997 kuti oonera azisiyanitsa anthu awiri okulungana, inali ganizo la Geesink yemwe uja, ndipo ku Japan mpikisano waukulu wa dzikolo umachitikabe onse atavala zoyera.

Lamulo limene likuwawabe akale ambiri ndi loletsa kugwira miyendo ndi manja poimirira, lomwe linayamba mu 2010 n'kukhwima mu 2013. Cholinga chinali choti judo isamafanane ndi masewera ena ogwetsana, anthu aziimirira mowongoka atagwirana majekete. Zinathekadi, ndipo kugwetsana kwake kumaoneka bwino pa kanema. Koma mtengo wake unali wokwera, chifukwa kata-guruma, njira yonyamula munthu paphewa yomwe inali kale pa mndandanda wa Kodokan wa 1895, sichitikanso momwe akale ankaiphunzitsira.

Woonera wa lero aziyang'ananso makadi achikasu pa bolodi. Amenewo ndi shido, chilango cha munthu amene sakuukira, wotuluka dala m'bwalo kapena wongodzigwetsa monamizira kuukira. Shido wachitatu ndi hansoku-make, munthu waluza basi, ndipo nthawi zina ndime yomaliza yeniyeni imathera pamenepo popanda wagwa, zomwe sizikoma kwa amene walipira pakhomo.

Nthawi ya mpikisano ndi mphindi 4, amuna ndi akazi omwe. Zikatha palibe wotsogola, amalowa golden score, pomwe woyamba kupeza pointi ndiye wapambana, ndipo kuyambira 2013 gawoli lilibe malire. Pa 13 Disembala 2020, Hifumi Abe ndi Joshiro Maruyama anakumana ku Kodokan, popanda oonera chifukwa cha Covid-19, kulimbirana malo amodzi a Japan ku Olympics m'gulu la makilogalamu 66. Anagwirana mphindi 24 mpaka Abe anamukola Maruyama mwendo chamkati n'kupeza waza-ari. Pa 25 Julaye 2021 Abe anatenga golide ku Tokyo, tsiku lomwelo limene mlongo wake Uta anatenganso wake m'gulu la akazi la makilogalamu 52.