Kiyi wa Galimoto pa Tebulo la Wokonza Mawotchi

Ntchito yokonza mawotchi ikanafa kalekale pakanapanda makiyi a galimoto. Ndikulankhula ngati munthu amene wamerera imvi pa katebulo ka mawotchi pakhonde la sitolo ku Limbe. Mafoni atafika, anthu anasiya kuyang'ana nthawi pamkono, anzanga ambiri n'kulongedza zipangizo kubwerera kumudzi. Otsalafe tikudya chifukwa cha anthu ofika ndi rimoti m'manja, akuti: "Madala, galimoto yandikanira."

Galimoto zoyambirira sizinkalizidwa ndi kiyi. Woyendetsa ankaima kutsogolo n'kupukusa chitsulo chopindika, ndipo injini ikabweza mphamvu chitsulocho chinkatha kumuthyola mkono. Mu 1912 kampani ya Cadillac ku America inayamba kugulitsa galimoto zokhala ndi sitata yamagetsi imene anakonza Charles Kettering. Komabe kiyi ankangotsegula moto, sitata inali ndi batani lakelake, lina loponda ndi phazi. Chrysler ndiyo inaphatikiza ziwirizi mu 1949: kupotokola kiyi, injini n'kulira. Kiyi wotere ndi amene tinakula naye pa Peugeot 504 ndi Land Rover. Chinali chitsulo chamano chabe. Wodula makiyi pamsika ankachikopera munthu uli chiimire, ndipo wakuba wodziwa kugundanitsa mawaya sankachifuna n'komwe.

Batire linalowa m'kiyi mu 1982, pamene Renault ya ku France inaika rimoti yotsegulira zitseko pa galimoto yake ya Fuego, potsatira luso la Paul Lipschutz. Rimotiyo inkatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, choncho mwini ankayenera kuyandikira n'kulozetsa. Kenako opanga galimoto anasamukira ku mafunde a wailesi, cha m'ma 315 MHz ku America ndi ku Japan, 433 MHz ku Ulaya. N'chifukwa chake rimoti yotumizidwa ndi m'bale wa ku Britain siimvana ndi galimoto yochokera ku Japan, ngakhale zifanane maonekedwe.

Kuba galimoto kutanyanya ku Ulaya, m'mutu mwa kiyi anabisamo kachipu kamene injini imayamba yakazindikira isanalire, ndipo pofika 1998 malamulo a ku Germany ndi ku Britain analamula kuti galimoto zatsopano zikhale nako. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Mercedes-Benz ndi Siemens anatulutsa kiyi wongokhala m'thumba, woyendetsa n'kumangodina batani. Apa m'pamene wodula makiyi anatsala m'mbuyo, poti kiyi watsopano amafuna kompyuta yomudziwitsa kwa galimoto.

Ife a mawotchi timabatire tinatidziwa kale, kuchokera pamene Seiko inatulutsa wotchi ya quartz mu 1969. Casio F-91W ya 1989, imene anyamata ambiri anavalapo, imayendera CR2016, batire lomwelo limene ndimalipeza m'makiyi ena a Toyota. Ndiye galimoto zogwirapo kale ntchito zitayamba kukhamuka kuchokera ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ma Vitz, Passo, Sienta ndi Note, amakaniko anayamba kulozera makasitomala kwa ife. Iwo anazolowera batire lalikulu la kuinjini, koma tating'onoti tinali m'kabati mwathu.

Kudziwa batire loyenera sikufuna sukulu, dzina lake linalembedwa pamsana pake. Pa CR2032, C akunena mtundu wa lithiamu, R kuti ndi lozungulira, 20 ndi mamilimita a kukula kwake, 32 ndi kuchindikala kwa mamilimita 3.2. CR2025 ndi CR2016 ndi ofanana nalo kukula koma opyapyala, pamene CR1632 ndi locheperako. Onse ndi a 3V, ndipo n'chimene chimapusitsa ogulitsa ena: amaika lopyapyala, amalitsinira ndi kapepala, kasitomala n'kubwereranso mwezi usanathe.

Ndimayamba ndasolola kiyi wachitsulo wobisika m'mbali mwa rimoti, ndilowetse kachitsulo kopyapyala pampata umene watsalawo, ndipotokole pang'ono, rimoti n'kugawika pawiri. Ndisanachotse batire lakale ndimaonetsetsa kumene chizindikiro cha + chayang'ana. Latsopanolo ndimaligwira m'mphepete kuti thukuta lisalidetse. Lakalelo silichoka pa tebulo langa, chifukwa mwana akalimeza limawotcha kum'mero m'maola ochepa.

Batire silifa mwadzidzidzi. Rimoti imayamba kufuna kuti muyandikire galimoto, kenako kuti mudine kawiri katatu. Kiyi wa m'thumba amalidya msanga, chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa amakhala akumvetsera galimoto usana ndi usiku. Likatheratu musaitane galimoto yokoka. Tsegulani chitseko ndi kiyi wachitsulo uja, pondani buleki, gunditsani rimoti pa batani lolizira n'kudina. Pa galimoto zambiri injini imalira, popeza kachipu kaja kamalandira mphamvu kuchokera kugalimoto komweko.

Agogo athu ankaliza galimoto ndi mkono, makolo athu ankadulitsa kiyi pamsika ndi ndalama ya mandasi. Mwini galimoto wa lero, makamaka amene yake inabwera ndi kiyi mmodzi, zonse amadalira a kompyuta. Chatsala m'manja mwake ndi batire lokha. Nambala yake ailembe penapake lisanathe.