Matola a malume ku Kasina

Mabasi a UTM atatha mphamvu, ife a ku Kasina tidadalira matola. Malume adagula Toyota Hilux ya dizilo m'zaka za m'ma 1990, nkumanyamula anthu ndi matumba a mbatatesi kukawatula pa Linthipe, mumsewu wa M1. Galimotoyi idapirira matope a dzinja. Mu 2011, mafuta atasowa m'dziko muno, inkagona pamzere masiku angapo, nkubwereranso pantchito.

Lero ili m'manja mwanga, ndipo kukazizira m'mawa imalira mochita kukankha. Ndidaganiza zoitanitsa ina ku Japan, yodzera ku Dar es Salaam, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo udandithawa. Makaniko akuti injini ikadali ndi moyo. Sindiigulitsa.